Kodi mankhwala a BP akutsekereza insulini yanga? Za kashiamu ndi magetsi a m'kapamba

Funso

Bambo wina wa zaka 54, wosoka zovala ku Fordsburg, kwawo ku Mangochi, walemba motere: "Ndili ndi shuga ndi BP. Ku kiliniki amandipatsa metformin, glimepiride ndi amlodipine. Mwana wanga wawerenga pa foni kuti insulini situluka popanda kashiamu, pomwe pa kapepala ka amlodipine alemba kuti ntchito yake ndi kutsekereza kashiamu. Kodi mankhwala a BP ndi amene akukweza shuga wanga? Ndiwasiye, kapena ndigule mapiritsi a kashiamu? Komanso tsiku lina ndinamwa mankhwala m'mawa, ntchito itandichulukira sindinadye masana, ndiye ndinayamba kunjenjemera ndi kutuluka thukuta. Nditayeza ndinapeza 3.1. Munthu wa shuga wokwera angatsike bwanji chonchi?"

Yankho

Bambo, ndiyambe ndi zoti muchite lero. Amlodipine musamusiye. Mapiritsi a kashiamu musagule, pokhapokha dokotala atakulemberani pa chifukwa china, monga kufooka kwa mafupa. Pa mankhwala atatu mwatchulawo, woyenera kumuyang'anitsitsa ndi glimepiride, pakuti 3.1 ija anabweretsa ndi iyeyo. Mwana wanu sananame, wawerenga zoona ndithu. Kungoti kashiamu amene amatulutsa insulini salamulidwa ndi zimene mwadya kapena mapiritsi amene mwagula. Amalamulidwa ndi magetsi a m'selo, ndipo mukamvetsa magetsi amenewa mafunso anu onse ayankhika pamodzi.

Kuseri kwa chifu chanu kuli kapamba. Mbali yake yaikulu imapanga madzi ogaya chakudya, koma m'kati mwake mwamwazika timagulu ta maselo pafupifupi miliyoni imodzi, tomwe tonse pamodzi timangokwana gawo limodzi kapena awiri pa 100 a kapamba yense. Paul Langerhans anatiwona mu 1869 ali wophunzira za udokotala ku Berlin, osadziwa n'komwe ntchito yake, ndipo mpaka lero timatchedwa ndi dzina lake. M'timaguluti ndi momwe muli maselo a beta, opanga insulini. Selo la beta limapangiratu insulini n'kuisunga m'timatumba tating'onoting'ono, pafupifupi 10,000 m'selo limodzi. Chovuta ndi kudziwa nthawi yotsegula timatumbati, ndiponso kuti titsegulidwe tingati. Mpata wolakwitsa ndi wochepa kwambiri. Shuga yense amene akuyenda m'magazi a munthu wamkulu wosadwala ndi magalamu 4 kapena 5 basi, pomwe mbale imodzi ya nsima imabweretsa wochuluka kuposa pamenepo maulendo oposa khumi. Insulini ikachepa shuga amasefukira, ikachuluka ubongo umasowa chakudya.

Tsono za kashiamu. M'thupi mwanu muli kashiamu wokwana pafupifupi kilogalamu imodzi, ndipo magawo 99 pa 100 ali m'mafupa ndi m'mano. Wa m'magazi, pa lipoti la ku labu, amakhala pakati pa 2.2 ndi 2.6 mmol/L, ndipo sasinthasintha. Kuseri kwa chithokomiro kuli tiziwalo tinayi totchedwa parathyroid, timene timayeza kashiamu wa m'magazi usana ndi usiku. Akangochepa pang'ono timatulutsa homoni yokamutenga ku mafupa ndi kuletsa impso kumutaya. Akachuluka timakhala chete ndipo impso zimataya wotsala. Koma m'kati mwa selo lomwe likupuma, kashiamu woyandama ndi wochepa maulendo oposa 10,000 poyerekeza ndi wa kunja. Selo limawononga mphamvu zambiri kumupopera kunja ndi kumutsekera m'nkhokwe zake kuti zikhale choncho. Phindu lake ndi lakuti pakangotseguka kampata, kashiamu amathamangira m'kati, ndipo kukwera kwadzidzidziko ndiwo uthenga woti ntchito iyambe.

Zili ngati thanki yodzaza madzi ili pamwamba pa nsanja, pansi pali mpopi wotseka. Madzi otuluka amadalira dzanja logwira mpopiwo. Mukakwera pamwamba n'kuthiramo ndowa ina, pa mpopi sipasintha kanthu. Mapiritsi a kashiamu ndi ndowa imeneyo. Kunja kwa selo lanu la beta kuli kale kashiamu wokwanira ndi kutsala. Mukamwa wambiri mopitirira, chimene mungapeze ndi kudzimbidwa, ndipo ena amapeza timiyala mu impso.

Zoti kashiamu ali ndi ntchito ina kupatula kulimbitsa mafupa zinadziwika mwangozi. Sydney Ringer ku London ankasunga mitima ya achule m'madzi a mchere kuti izigundabe. Mu 1883 analemba kuti wazindikira zoti madzi amene ankagwiritsa ntchito anali a pa mpopi, osati oyeretsedwa bwino monga ankaganizira. Atagwiritsa ntchito madzi oyera kwenikweni mitima inasiya kugunda msanga, ndipo atathiramo kashiamu pang'ono inayambiranso. Dripi ya Ringer's lactate imene mumaiona m'zipatala imatchedwa ndi dzina la munthu ameneyu. Za insulini zinabwera mochedwa: m'zaka za 1966 ndi 1967 magulu awiri a ofufuza anasonyeza kuti mukachotsa kashiamu m'madzi ozungulira kapamba, shuga sangathenso kutulutsa insulini. Izi ndi zimene mwana wanu wawerenga.

Dzanja la pa mpopi lija ndi magetsi. Selo lililonse lakutidwa ndi kakhungu, ndipo pa kakhunguko pali timakomo, kalikonse kolola mchere wa mtundu umodzi kudutsa. M'kati mwa selo muli potaziyamu wambiri, pafupifupi 140 mmol/L, pomwe m'magazi muli 4 yekha. Shuga akakhala wotsika, timakomo ta potaziyamu ta selo la beta timakhala totsegula. Potaziyamu amatuluka atanyamula magetsi a pozitivi, m'kati n'kutsala negetivi, pafupifupi -70 millivolt. Millivolt ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a volt, choncho ndi timagetsi tochepa zedi, koma pa kakhungu kopyapyala chotero timakwana kutsegula ndi kutseka makomo. Pa -70 timakomo ta kashiamu timakhala totseka, insulini situluka.

Mwadya nsima ndi nyemba. Shuga wakwera m'magazi ndipo walowa m'selo la beta. Selolo limamuwotcha monga limachitira selo lina lililonse, n'kupanga ATP, kachinthu kamene maselo amasungiramo mphamvu. Kusiyana kwake ndi kwakuti m'selo la beta liwiro la kuwotchaku limatsatira kuchuluka kwa shuga m'magazi, chifukwa cha enzayimu yotchedwa glucokinase. ATP ikachuluka imakakamira pa timakomo ta potaziyamu tija n'kutitseka. Potaziyamu akasowa potulukira, magetsi a m'kati amayamba kukwera, kuchoka pa -70 kufika cha m'ma -50. Pamenepo timakomo ta kashiamu, timene timamva kusintha kwa magetsi, timatseguka. Kashiamu amalowa, ndipo popeza nayenso ndi pozitivi amakwezanso magetsiwo, selo n'kuyamba kuthetheka mobwerezabwereza ngati mmene umachitira mtsempha wa ubongo. Timatumba ta insulini tina timakhala titaimikidwa kale pafupi ndi timakomoti. Kashiamu akakhudza mapuloteni a pa katumba, katumbako kamamatirana ndi kakhungu ka selo n'kukhuthulira insulini kunja. Kuchokera pamene kashiamu walowa kufika pamene katumba katseguka sipadutsa ngakhale sekondi imodzi.

Oyamba kumva magetsi amenewa anali Philip Dean ndi Keith Matthews ku Cambridge mu 1968, atalasa maselo a kapamba wa mbewa ndi kasingano ka galasi. Anthu ambiri anadabwa, chifukwa nthawi imeneyo magetsi ankaonedwa ngati nkhani ya mitsempha ndi minofu. Khomo lenileni limene shuga amatseka linapezeka mu 1984. Frances Ashcroft ndi anzake ku Oxford anaonetsa kuti shuga amatseka khomo la potaziyamu, ndipo chaka chomwecho Daniel Cook ndi Nicholas Hales anaonetsa kuti chotsekacho ndi ATP. Zinatheka chifukwa cha njira yomvetsera khomo limodzi lokha, imene Erwin Neher ndi Bert Sakmann anatulukira ku Germany n'kulandira nayo mphoto ya Nobel mu 1991. Kenaka mu 1985 gulu la Roger Tsien linapanga utoto wotchedwa fura-2, umene kuwala kwake kumasintha ukakumana ndi kashiamu, anthu n'kuyamba kuona ndi maso kashiamu akukwera ndi kutsika m'selo lamoyo.

Chimene chimandisangalatsa pa zonsezi ndi mmene selo limawerengera shuga. Magetsi ake amabwera m'magulumagulu: limathetheka kwa masekondi angapo, n'kupuma, n'kuyambiranso. Pa mbewa, shuga akamakwera, nthawi yothetheka imatalika ndipo yopuma imafupika, mpaka pa shuga wokwera kwambiri selo limangothetheka osapuma. Ndiye kuti kuchuluka kwa shuga kumasandulika kutalika kwa nthawi imene makomo a kashiamu ali otsegula. Kupumako n'kofunika, chifukwa kashiamu akakhalitsa wokwera m'selo amaliwononga, ndipo mapampu amafuna mpata woti amutulutse. Kashiamu mwiniyo ndiye amathandiza kuzimitsa: akachuluka amatsegula makomo ena a potaziyamu, ndipo kumupopa kumadya ATP, zomwe zimatsegulanso khomo loyamba lija. Maselo a m'kagulu kamodzi ndi olumikizana ndi timipata, kotero amathetheka limodzi ndi kupuma limodzi. Zotsatira zake n'zakuti insulini imafika ku chiwindi m'mafunde, pafupifupi mphindi 5 zilizonse, ndipo chiwindi chimamvera bwino mafunde otere kusiyana ndi insulini yongoyenderera. Mwa anthu odwala shuga wa mtundu wachiwiri, kusokonekera kwa mafundewa ndi chimodzi mwa zizindikiro zoyambirira.

Tsopano tifike pa glimepiride. Mankhwala ameneyu, pamodzi ndi abale ake glibenclamide ndi gliclazide, amapita molunjika pa khomo la potaziyamu lija n'kulitseka okha, osadikira shuga kapena ATP. Selo limangoona kuti khomo latsekeka, magetsi akwera, kashiamu walowa, ndiye limatulutsa insulini. Silidziwa kuti masana simunadye. Mwa munthu wosamwa mankhwala, shuga akatsika kufika cha m'ma 4.5, makomo amatseguka ndipo insulini imachepa yokha. Ameneyu ndiye mlonda woyamba wa thupi, ndipo glimepiride amamugoneka kwa pafupifupi tsiku lathunthu. Inu munamwa m'mawa, munakhala pa makina mpaka madzulo, insulini ikutulukabe pomwe chakudya sichikulowa. Apo ndi pamene panachokera 3.1.

Gulu la mankhwalawa linayambira pa ngozi yomweyi. Mu 1942 ku Montpellier, ku France, dokotala Marcel Janbon ankayesa mankhwala atsopano a sulfa pa odwala typhoid. Ena anakomoka, ena anamwalira, ndipo zinapezeka kuti shuga wawo anatsikiratu. Auguste Loubatières anafufuza pa agalu n'kupeza kuti mankhwalawo amagwira ntchito pokhapokha kapamba alipo. Anthu anamwa mankhwala a gulu limeneli zaka pafupifupi 30 asanadziwe khomo limene amatseka.

Umboni wina womveka bwino unachokera kwa ana. Pali makanda amene amapezeka ndi shuga asanakwane miyezi 6. Mu 2004 gulu la Andrew Hattersley ku Exeter, mogwirizana ndi Ashcroft, linapeza kuti pafupifupi m'modzi mwa atatu mwa iwo anabadwa ndi khomo la potaziyamu losamvera ATP. Insulini ali nayo m'timatumba, koma khomo silitsekeka ndiye magetsi sakwera. Pa kafukufuku wa mu 2006, odwala 44 mwa 49 anasiya jakisoni wa insulini n'kuyamba kumwa mapiritsi a gulu lomweli. Palinso makanda a vuto lotembenuza, obadwa ndi khomo losatseguka, amene insulini yawo imangotuluka. Iwo amayamba ayesedwa ndi diazoxide, mankhwala otsegula khomolo, ngakhale kuti ambiri mwa iwo sawathandiza. Ndipo ife a ku Malawi tili ndi chitsanzo chathu: quinine. Nayenso amatseka khomo limeneli, n'chifukwa chake odwala malungo aakulu amene ali pa dripi ya quinine, makamaka amayi oyembekezera, amayezedwa shuga pafupipafupi. Nicholas White ndi anzake analemba za vutoli mu 1983 kuchokera ku Thailand. Masiku ano mankhwala oyamba a malungo aakulu ndi artesunate, koma mukadzadwala malungo muli kumudzi pa tchuthi, nenani msanga kuti mumamwa glimepiride.

Kunjenjemera ndi kugunda kwa mtima kumene munamva kunachokeranso ku maselo a mtundu womwewu. Shuga akatsika kufika cha m'ma 3.8, ubongo umatumiza uthenga m'mitsempha kupita ku tiziwalo ta pamwamba pa impso. Kumeneko mtsempha umakweza magetsi a maselo osunga adrenaline, makomo a kashiamu amatseguka, adrenaline n'kukhuthukira m'magazi kuti akakamize chiwindi kutulutsa shuga. Ndi pa maselo amenewa pamene William Douglas ndi Ronald Rubin anasonyeza mu 1961 kuti kashiamu ndiye amalumikiza uthenga ndi kutuluka kwa homoni. Thukuta nalo limabwera ndi mitsempha yomweyo yochenjeza. Choncho thupi lanu linagwira ntchito yake bwino, linakuchenjezani nthawi ikadalipo. Choopsa n'chakuti shuga akamatsika kawirikawiri, chenjezoli limayamba kuzilala, munthu n'kumangogwa osamva kalikonse.

Zikadzachitikanso, chilichonse cha pansi pa 3.9 musachinyalanyaze. Siyani makina ndi simbi, sungunulani masupuni aang'ono atatu a shuga m'madzi mumwe, kapena theka la tambula ya chakumwa cha shuga weniweni, osati cholembedwa Zero. Pakatha mphindi 15 yezaninso, ndipo ngati akadali pansi bwerezani. Akakwera idyani chakudya chenicheni, buledi kapena nsima, chifukwa mankhwala akadali pa khomo paja ndipo shuga angathe kutsikanso patapita maola. Anzanu a mu shopu muwauze kuti munthu akakomoka asamuthire kanthu m'kamwa, aimbe 112 kapena 10177. Mu December ndi masabata oyandikira Eid, pamene maoda amakuunjikirani, ikani chakudya pafupi ndi makina m'mawa momwe. Ngati mumasala Ramadan, kapena kusala kwa ku mpingo, pitani ku kiliniki mwezi umodzi kapena iwiri nthawi isanakwane kuti asinthe mlingo ndi nthawi yomwera. Musadzisinthire nokha.

Pali zinthu ziwiri zimene zimasokoneza anthu athu kuno ku Joni. Choyamba ndi manambala. Kuno makina amayeza mu mmol/L, pomwe kumudzi zipatala zambiri zimanena mu mg/dL. Muchulukitse ndi 18: 3.1 yanu ndi 56 ya kumudzi, ndipo 3.9 ndi 70. Chachiwiri ndi mapaketi a mankhwala amene abale amatumiza pa basi zofika ku Park Station. Kumudzi ambiri amalandira glibenclamide. Munthu amaona dzina losiyana n'kuganiza kuti ndi mankhwala ena owonjezera, n'kumamwa pamodzi ndi glimepiride wa ku kiliniki. Awiriwa amatseka khomo limodzi lomwelo. Glibenclamide amakhalitsa m'thupi, makamaka impso zikafooka, ndipo bungwe la WHO limati si woyenera kwa anthu opitirira zaka 60.

Metformin alibe nawo mbali pa nkhani ya makomoyi. Ntchito yake yaikulu ndi kuchepetsa shuga amene chiwindi chimatulutsa, ndipo payekha satsitsa shuga mpaka kukomola munthu kawirikawiri. Mankhwala atsopano monga semaglutide, amene anthu amawadziwa ndi dzina la Ozempic, amatengera homoni ya m'matumbo yotchedwa GLP-1. Iwo amakulitsa mphamvu ya kashiamu amene walowa kale, ndiye shuga akatsika n'kutsegula khomo, nawonso amangokhala. Mtengo wake ndi umene umatsekereza ambiri.

Nanga amlodipine bwanji satseka insulini, popeza amatsekadi makomo a kashiamu? Makomowa alipo a mitundu ingapo. Amlodipine amatseka a mtundu wa L okha, ndipo amagwira kwambiri amene ali m'timinofu tozungulira mitsempha ya magazi. Timinofu timeneti timakhala ndi magetsi okwererapo nthawi zonse, ndipo mankhwalawa amakakamira bwino pa khomo lomwe lili mu mkhalidwe wotero. Kashiamu akachepa m'menemo mitsempha imamasuka, BP n'kutsika. Selo la beta la munthu lili ndi makomo a L, inde, koma lilinso ndi a mitundu ya P/Q ndi T, amene amlodipine sawakhudza kwenikweni. Komanso pa mlingo wa 5 kapena 10 mg, mankhwala oposa magawo 90 pa 100 amakhala atamatirira ku mapuloteni a m'magazi, ongoyandama ndi ochepa kwambiri. Ndipo selo la beta limadzikonza lokha: insulini ikachepa pang'ono shuga amakwera pang'ono, makomo ambiri a potaziyamu amatsekeka, nthawi yothetheka n'kutalika.

Zimenezi zinayesedwa pa anthu. Kafukufuku wamkulu wa ALLHAT, wofalitsidwa mu 2002, anatsatira anthu a BP oposa 33,000 ku North America. Amene anayamba kudwala shuga anali ochulukirapo m'gulu lomwa chlorthalidone, mankhwala okodzetsa, kusiyana ndi m'gulu la amlodipine. Mankhwala okodzetsa a mtundu umenewu, kuphatikizapo hydrochlorothiazide amene amaperekedwa kwambiri kuno, amatha kutsitsa potaziyamu wa m'magazi, ndipo potaziyamu akatsika selo la beta limavutika kukweza magetsi ake. Ngakhale zili choncho phindu lawo pa sitiroko ndi mtima limaposa vutoli. Kwa ife anthu akuda, amlodipine ndi m'modzi mwa mankhwala amene amatsitsa BP bwino kwambiri. Kafukufuku wa CREOLE wa mu 2019, wochitikira m'maiko 6 a mu Africa kuphatikizapo South Africa ndi Mozambique, anapeza kuti kuphatikiza mankhwala komwe munali amlodipine kunatsitsa BP kuposa komwe munalibe. Munthu wa shuga amene wasiya mankhwala a BP amaika pangozi impso, maso ndi ubongo wake. Chimene amlodipine amachitadi n'kutupitsa mapazi mwa ena, ndipo inu amene mumakhala pansi tsiku lonse mungachione. Chikakuvutani kanene ku kiliniki.

Mwana wanu mumuuze kuti pali malo amodzi pamene maganizo ake amakwaniritsidwa. Munthu akamwa mapiritsi a gulu la amlodipine ambirimbiri nthawi imodzi, makomo a L a m'kapamba amatsekekadi, insulini imasowa, shuga amakwera, ndipo madokotala a ku ICU amamupatsa insulini yochuluka kwambiri monga mbali ya chithandizo. Ndi poizoni woopsa, choncho botolo likhale kutali ndi zidzukulu.

Kapamba si yekha amene amayendera magetsi ndi kashiamu. Pansi pa ubongo pali kachiwalo kotchedwa pituitary. Maselo ake opanga prolactin, homoni ya mkaka wa m'mawere, amathetheka okha popanda wowauza, ndipo ubongo umachita kuwaletsa ndi dopamine, amene amatsegula makomo a potaziyamu kuti magetsi atsike. Mankhwala otsekereza dopamine, monga haloperidol, risperidone ndi metoclopramide, amachotsa choletsacho. N'chifukwa chake mayi wosayamwitsa, nthawi zina ngakhale bambo, amatha kuona mkaka ukutuluka, anthu n'kuyamba kuganizira za ufiti pomwe chifukwa chili m'botolo la mankhwala. Maselo oyandikana nawo, olamulira za kubereka, amachita mwa njira ina. Kashiamu wawo wambiri amachokera m'nkhokwe za m'kati mwa selo momwemo, zimene zimatsegulidwa ndi kachinthu kotchedwa IP3, kamene Michael Berridge ndi anzake anafotokoza ntchito yake mu 1983. Maselowa amamvera uthenga wa ubongo pokhapokha ukamabwera m'mafunde. Ernst Knobil anasonyeza pa anyani mu 1978 kuti homoni ya GnRH, yomwe ndi uthenga wa ubongo uja, ikaperekedwa kamodzi pa ola maselo amagwira ntchito, koma ikaperekedwa mosalekeza amazima. Jakisoni wa goserelin amene amabaya abambo a khansa ya prostate amagwiritsa ntchito zomwezi: amapereka uthengawo mosalekeza dala kuti testosterone atsike.

Chatsala ndi funso limene lili pansi pa mafunso anu: ngati si amlodipine, n'chiyani chikukweza shuga wanu? Mu shuga wa mtundu wachiwiri minofu ndi chiwindi sizimvera bwino insulini, ndiye maselo a beta amagwira ntchito yowirikiza kwa zaka zambiri. Mwa munthu wosadwala, shuga akakwera mwadzidzidzi insulini imatuluka yambiri m'mphindi 10 zoyambirira, kuchokera m'timatumba toimikidwa kale tija, kenaka ina imatsatira pang'onopang'ono. Mwa wodwala, gawo loyambali limasowa msanga. Shuga wokwera kwa nthawi yaitali amasokoneza kapangidwe ka ATP m'selo, khomo silitsekeka mokwanira, ndipo timatumba sitikhalanso pafupi ndi makomo a kashiamu. Kafukufuku wa UKPDS ku Britain anapeza kuti pa nthawi imene munthu akupezeka ndi matendawa, mphamvu ya maselo a beta imakhala itatsika kale pafupifupi theka, ndipo imapitirira kutsika. Patatha zaka 9, mwa amene ankamwa mankhwala a gulu la glimepiride okha, pafupifupi m'modzi mwa anayi ndi amene HbA1c yake, muyeso woonetsa mmene shuga wakhalira pa miyezi iwiri kapena itatu yapitayo, inali pansi pa 7. Glimepiride angatseke khomo, koma sangabwezere maselo otopa. Ndiye n'zotheka ndithu kuti munthu yemweyo akhale ndi 14 atadya mgonero, mawa lake masana n'kupezeka pa 3.1. Ine ndikaona manambala otere sindithamangira kuwonjezera glimepiride. Ndimayamba ndafunsa nthawi imene munthuyo amadya ndi kukula kwa mbale yake ya madzulo, chifukwa ambiri ogwira ntchito za manja kuno amakhala ndi njala tsiku lonse n'kudzadya mitanda inayi usiku.

Musadikire tsiku lanu lokatenga mankhwala. Pitani sabata ino mukawauze asisitala za 3.1 ija, nthawi imene munamwa piritsi ndi nthawi imene munadya komaliza. Pemphani akuyezeni HbA1c ndi impso, pakuti impso zikayamba kufooka glimepiride ndi insulini yomwe zimakhalitsa m'magazi, ndipo mlingo wa metformin nawonso umafunika kuunikanso. Kwa masiku angapo musanapite, yezani m'mawa musanadye, masana muli pa ntchito, ndi maola awiri mutadya madzulo, mulembe pa pepala. Mabokosi onse a mankhwala muwatenge, ngakhale ochokera kumudzi ndi a zitsamba ngati alipo, kuti amene akusintha mlingo aone zonse zimene mukumwa.